Wotchi ya perpetual calendar: muganize izi kaye musanatulutse chikwama

Mnzanga wina amene amapanga bizinesi ya mathiraki ku Johannesburg ananditumizira chithunzi pa WhatsApp cha m'ma 11 usiku, wotchi yagolide, nkhope yake yodzaza timabwalo ting'onoting'ono, pansi pake n'kulemba kuti "achimwene, nditenge?" Zamuyendera chaka chino ndiye akufuna kudzithokoza, ndipo palibe cholakwika, thukuta ndi lake lomwe. Koma ine wotchi ya mtundu umenewu, imene amati perpetual calendar, ndinagulapo, yachikale yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo inandiphunzitsa ulemu, ndiye sindikanangomuyankha kuti tengani kapena musatenge. Zomwe ndinamuuza ndi izi, ndangozikonza pang'ono.

Yambani ndi kudziwa chenicheni chomwe mukulipira, chifukwa ogulitsa amachikulunga m'mawu okoma mpaka mumaiwala kuwerenga. Wotchi wamba ya deti imadziwa chinthu chimodzi basi, kuti mwezi uliwonse uli ndi masiku 31. Ndiye kumapeto kwa Febuluwale, Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala mumayenera kuyikankha nokha, kasanu pachaka. Ina imene amati annual calendar, yomwe kampani ya mawotchi ya Patek Philippe inatulutsa mu 1996, imadziwa miyezi ya masiku 30 ndi ya 31 koma Febuluwale amayisokoneza, mumayikonza kamodzi pachaka pa 1 Malichi. Perpetual calendar ndiyo imadziwa zonse, Febuluwale wa masiku 28, ngakhalenso wa 29 uja wa leap year amene amabwera pakatha zaka 4. Ndiye taonani bwinobwino: kasanu, kamodzi, ziro. Ndalama zonse zoonjezera zija pakati pa annual ndi perpetual mukugula kupewa ntchito ya mphindi imodzi pachaka. Ngati mukugula kuti moyo uphweke, lekani pompano, foni yanu ikuchita kale zimenezo mwaulere ndipo G-Shock ya batire ili ndi kalendala yolondola mpaka 2099.

Ndiye bwanji anthu amapenga nazo? Nkhani yake ili mkatimo. Mulibe batire, mulibe kompyuta, ndi sipuling'i ndi timagiya basi koma kachitsulo kakukumbukira zaka zinayi. Mwa zambiri muli kawilo kokhala ndi zigawo 48, mwezi uliwonse chigawo chake, ndipo kamazungulira kamodzi kokha pa masiku 1,461. M'mphepete mwake anakadula timipata tosiyana kuya. Mwezi wa masiku 31 palibe mpata, wa masiku 30 kampata kosaya, Febuluwale wa 29 kozamirapo, Febuluwale wa 28 kozama kupambana tonse. Pali kamkono kachitsulo kamene mlomo wake umatsamira pa kawiloko, ndiye kakagwera mu mpata wozama kamayenda mtunda wautali n'kukankha deti kudumpha masiku atatu usiku umodzi, kuchoka pa 28 kukatera pa 1. Ine tsiku loyamba kuona zimenezi ndinakhala maso dala pa 28 Febuluwale, madamu akundifunsa kuti kodi mukudikira chani pamenepo, ine duu kuyang'ana kamuvi kakukwawa 29, 30, 31 mpaka 1, mwezi n'kutembenuka. Zopusa eti? Koma ngati mwawerenga zimenezi osamva kalikonse mumtima, wotchi iyi si yanu, ndipo mwapulumutsa ndalama zambiri.

Luso lake ndi lakale. Thomas Mudge wa ku England anapanga wotchi ya m'thumba yotere cha m'ma 1760, ndipo ya pamkono yoyamba anatulutsa a Patek Philippe mu 1925, makina ake anali opangidwa kale mu 1898 kuti alowe mu wotchi ya azimayi yovala m'khosi. Komanso dzinalo limanamiza pang'ono, si yamuyaya ayi. Pa kalendala yomwe timagwiritsayi chaka chothera ndi 00 sichikhala leap year pokhapokha chikagawika ndi 400, n'chifukwa chake 2000 inali ndi 29 Febuluwale koma 2100 sidzakhala nayo. Kawilo kaja zimenezo sikadziwa, kadzaonetsa 29 Febuluwale pomwe dziko lili pa 1 Malichi 2100. Zilipo zochepa zodziwa ngakhale zimenezi, monga Portugieser Eternal Calendar ya kampani ya IWC ya 2024, koma mitengo yake tisayambe n'komwe, ndipo vuto la 2100 ndi la zidzukulu zanu.

Funso lachiwiri ndi lomwe ambiri amadumpha: muzivala tsiku ndi tsiku? Wotchi iyi imadziwa deti pokhapokha ikuyenda. Ikaima, nzeru zonse zija zimaima nayo. Zambiri zimasunga mphamvu masiku awiri okha mukavula, mwachitsanzo makina otchuka a Patek a 240 Q amafika maola 48 basi, pomwe Portugieser yaikulu ija ya IWC imapirira masiku 7. Ndiye ngati muli ndi mawotchi angapo ndipo iyi mukufuna muzivala pa ukwati ndi pa misonkhano ikuluikulu yokha, dziwani kuti nthawi iliyonse mukaitenga mudzayamba mwakhala pansi kukonza deti, tsiku la sabata, mwezi, chaka cha leap year ndi kamwezi ka pa nkhope koonetsa mmene mwezi wa kumwamba ukuonekera, galimoto ikulira panja anthu akudikira. Pali kabokosi kamagetsi kozungulitsa wotchi kuti isaime, amati winder, kamathandiza ndithu, koma komwe magetsi amathima maola ambiri gulani kokhala ndi mabatire apo ayi mwangotaya ndalama. Ine maganizo anga ndi akuti winder yabwino ndi mkono wanu.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna muchedwepo, kakonzedwe kake ikaima, chifukwa ndi pomwe anthu amalira. Musanalipire muuze wogulitsayo akuonetseni ndi manja ake momwe amakonzera, kenako muyese inuyo iye akuona. Mitundu yake ilipo itatu.

Woyamba ndi wachikale, wa timabatani tobisika m'mbali mwa wotchi, tina tinayi tina kuposa, kalikonse ndi ntchito yake, ndipo mumadina ndi kachitsulo kosongoka komwe kamabwera m'bokosi. Kachitsuloko kamasowa msanga kuposa chivindikiro cha cholembera, ndiye anthu amatenga pini kapena singano n'kukanda golide wawo. Gwiritsani kamtengo kotokosera m'mano, sikakanda. Koma choopsa chenicheni ndi nthawi. Kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha, kwa zambiri ndi cha m'ma 8 usiku mpaka 3 koloko m'mawa ngakhale zimasiyana malinga ndi wotchi, timagiya ta kalendala timakhala talumana kale tikukonzekera kutembenuza deti. Mukadina batani nthawi imeneyo mukukankhana ndi makina. Ndipo tikunena nthawi yomwe wotchiyo ikuonetsa, osati ya pa foni yanu. Ine ndi momwe ndinapwetekera. Ndinapita kumudzi masabata atatu wotchi ndinayisiya mu dirowa, pobwera ndinapeza yaima mivi ili pa 11, ine osaganiza kuti 11 ameneyo ndi wa usiku kapena wa masana, ndinangoyamba kudina. Kachitatu batani linalimba, ndinakakamiza pang'ono pokha, ndinamva kuti tswa, kaphokoso kakang'ono kwambiri moti munthu wina sakanamva n'komwe, muvi wa deti n'kuima pakati pa 14 ndi 15 ngati ukuganiza kopita. Inapita ku Ulaya, inakhala kumeneko miyezi ingapo, ndipo bilu itabwera ndinayiwerenga nditakhala pansi. Cholakwa chinali changa ndekha. Lamulo lake ndi losavuta: kokani crown, kachitsulo kopotokola kam'mbali kaja, yendetsani mivi kutsogolo mpaka muone deti lasintha kuti mudziwe kuti pakati pa usiku ndi pamenepo, pitirizani mpaka 6 koloko m'mawa, kenako muzidina. Ndipo batani likalimba musalimbane nalo, siyani.

Wachiwiri ndi womwe anapanga Kurt Klaus wa IWC pa wotchi ya Da Vinci mu 1985, wopanda timabatani. Zonse zinalumikizidwa pamodzi, mukamapotokola crown deti, tsiku, mwezi, chaka cha manambala anayi ndi mwezi wa kumwamba zimayendera limodzi. Zophweka kwabasi, ngakhale mwana akhoza. Koma imapita kutsogolo kokha. Mukapitirira ndi masiku awiri mumayisiya iime n'kudikira kuti kalendala ya dziko iyipeze, koma mwana wanu akaiseweretsa n'kuyifikitsa chaka chamawa ndiye basi, ulendo wa kwa okonza kuti akatsegule. Izi zimakhudzanso oyendayenda pa ndege, amene mumabweza mivi m'mbuyo kudutsa pakati pa usiku, funsani kaye ngati wotchiyo imalola.

Wachitatu ndi womwe ine ndingasankhe lero ndikanakhala ndikuyambiranso, wolola kupita kutsogolo ndi m'mbuyo pa crown. Ludwig Oechslin anapangira kampani ya Ulysse Nardin wotere mu 1996, ndipo H. Moser anatulutsa yawo mu 2005, yomwe nkhope yake ndi yoyera mwakuti munthu sangadziwe kuti ndi perpetual, mwezi umaonetsedwa ndi kamuvi kakang'ono kolozera pa manambala 12 a maola omwewo, 1 ndi Januwale, 12 ndi Disembala. Nzeru zimenezo. Ngati ndinu munthu wa phuma ngati ine, yang'anani mtundu uwu.

Kenako sevisi. Wotchi ya makina ili ngati injini, mafuta ake amauma, ndipo pakapita zaka zisanu kapena kuposerapo pang'ono imafunika kuphwasulidwa yense, kutsukidwa, kuthiridwa mafuta. Ya perpetual ili ndi tizidutswa mazana angapo ndiye sevisi yake ku makampani akuluakulu imalowa m'madola masauzande, osati mazana, ndipo si kamodzi, ndi moyo wanu wonse. Achimwene athu okonza mawotchi pa khonde la sitolo aja ndi akatswiri pa ntchito yawo, batire, lamba, galasi, koma iyi musawapatse, osati chifukwa chowanyoza koma zipangizo zake makampani ambiri sagulitsa kwa munthu wamba. Amene muli ku London kapena ku Johannesburg muli ndi poyambira, mumakasiya ku shopu yovomerezeka iwo n'kuona ngati akonza konko kapena atumiza ku Switzerland. Amene muli ku Lilongwe, Blantyre, Chipata kapena Tete, muwerengerenso tikiti ya ndege kapena mtengo wotumizira ndi inshuwalansi yake, ndi mapepala a kasitomu osonyeza kuti katunduyo akutuluka kukakonzedwa, kuti pobwerera asakulipiritseni msonkho ngati mwagula watsopano. Funsani mtengo wa sevisi musanagule, auzeni akulembereni. Wogulitsa amene akuzemba funso limeneli wakuuzani kale yankho.

Za mtengo wogulira ndingonena mwachidule chifukwa imasintha chaka ndi chaka. Pansi penipeni pali Frederique Constant, amene mu 2016 anadabwitsa anthu potulutsa perpetual yachitsulo pa mtengo wosafika madola 10,000. Pakati pali za IWC ndi Jaeger-LeCoultre zachitsulo, madola masauzande makumi awiri ndi kupitirira. Pamwamba pali Patek Philippe, Audemars Piguet, Vacheron Constantin ndi A. Lange & Söhne ya ku Germany, komwe madola 100,000 si nkhani yodabwitsa. Muyezo wanga ndi uwu: ngati wotchiyi itabedwa mawa, kapena kugwa pa simenti, fizi ya ana, lendi ndi kapito ya bizinesi zikhala bwinobwino? Ngati mwayamba kuwerengera ndi zala, simunafike. Ndipo ya ngongole ayi, chonde.

Ena amati ndi njira yosungira ndalama, makamaka kwathu komwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Ndikumvetsa maganizowo, chinthu chogulidwa m'madola chimaoneka ngati pothawira. Ndipo amakutchulirani Patek 1518 yachitsulo imene inagulidwa pa okushoni ya Phillips ku Geneva mu 2016 pa ma franc a ku Switzerland opitirira 11 miliyoni. Zoona zimenezo, koma zachitsulo za mtundu umenewo zodziwika zilipo zinayi zokha padziko lonse, yanuyo si imeneyo. Ma perpetual ambiri mukangotuluka nawo mu shopu mtengo watsika, ena kwambiri ndithu, ndipo ngakhale mawotchi otchuka aja amene mitengo yake inakwera mopenga mpaka kumayambiriro kwa 2022 inadzatsika pambuyo pake, ogula pamwamba anapsa. Komanso tsiku lomwe mwapanikizika mukufuna ndalama msanga, muyigulitsa kwa ndani? Poloti ku Area 49 mukhoza kupeza kasitomala sabata yomweyo, wotchi ya madola 40,000 mudzayenda nayo mpaka Dubai, n'kukapatsidwa mtengo wa munthu amene akuona kuti mwapanikizika.

Kutsika mtengo komweko ndi mwayi kwa wogula yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo kunena zoona ndi komwe kuli nzeru ngati mutsegula maso. Funani bokosi ndi mapepala ake, nambala ya pa wotchi ifanane ndi ya pa pepala. Funani risiti ya sevisi yomaliza, ikasowa chotsani mtengo wa sevisi pa mtengo womwe akutchula ndipo musachite manyazi. Ikakhala Patek yakale mukhoza kupempha chikalata chochokera m'mabuku a kampaniyo chosonyeza chaka chomwe inapangidwa ndi kugulitsidwa. Yang'anani mozungulira timabatani, zokandakanda zambiri zikutanthauza kuti mwini wake ankatokosa ndi pini, ndiye mkatimo kaya. Zabodza nazo zadzaza, zina timabwalo take ndi tokongoletsa chabe, zina deti limapita mpaka 31 mwezi uliwonse ngati wotchi wamba. Kuyesa kwake, wogulitsa ayike pa tsiku lomaliza la mwezi wa masiku 30 kapena pa 28 Febuluwale, ayendetse mivi kudutsa pakati pa usiku inu mukuona ngati idumpha yokha kukafika pa 1. Achite iyeyo ndi manja ake osati inu, ndipo ikakhala ya mtundu wopita kutsogolo kokha uja muyese pa kutha kwa mwezi komwe kuli pafupi basi. Wogulitsa wa pa Facebook kapena Instagram amene akuti tumizani kaye theka, mtengo wake uli wotsika mokoma, ameneyo mutsanzikeni mwaulemu.

Mukafika poyiyesa pamkono, iwalani kaye dzina la kampani. Imirirani pomwe pali kuwala wamba, osati pansi pa magetsi a mu shopu aja amene amakongoletsa chilichonse, muyang'ane kamodzi n'kunena deti la lero. Ngati mwafinya maso kapena mwayamba kufunafuna magalasi, ganizani kawiri, chifukwa manambala 31 opanikizana mu kabwalo kochepa ngati batani la malaya amavuta kuwerenga munthu ukadutsa zaka 45. Zina zimaonetsa deti pa kawindo ndi manambala akuluakulu, a Lange amadziwika nazo zimenezi, ndipo maso amapuma. Madzi nawo, zambiri analemba mamita 30, zomwe tanthauzo lake ndi mvula ndi kusamba m'manja basi, osati kukasambira nayo ku Mangochi. Ndi kena kamene ogulitsa sanena: kamwezi ka pa nkhope kaja anakapanga mmene mwezi umaonekera kumpoto kwa dziko, ku Ulaya. Ife a kumwera kwa equator timauona motembenuka, ndiye tsiku la mwezi wathunthu likhala lolondola koma mbali yowala izisemphana ndi yomwe mukuona kumwamba. Si vuto lalikulu, komabe pa ndalama zimenezo ndi bwino kudziwa, ndipo IWC ili ndi zina zoonetsa miyezi iwiri, wa kumpoto ndi wa kumwera.

Musaiwale inshuwalansi, komanso mudzifunse moona mtima kuti kodi komwe mumayenda mungavale momasuka? Wotchi yomwe mumavula n'kubisa mu sokosi mukamatsika galimoto mu tauni idzathera mu sefa yotsekeramo ndalama, mu sefamo idzaima, ikaima tabwerera ku nkhani ya timabatani ija.

Ndiye kwa mnzanga uja ndinamufunsa zinthu zitatu: uzivala masiku angati pa sabata, sevisi ukapangitsa kuti ndipo wafunsa mtengo wake, ndipo chakukoka ndi makina a mkatimo kapena ndi maso a anthu pa msonkhano? Anayankha moona, anati kuvala mwina Lamlungu ndi Lamlungu chifukwa mkati mwa sabata amakhala ku yadi ndi amakaniko manja ali mu girisi, za sevisi anali asanaganizeko, ndipo funso lachitatu anangotumiza kankhope koseka. Ndinamuuza kuti ayang'ane annual calendar, kapena wotchi yabwino yachitsulo ya deti lokha imene ingapirire ku yadiko, ndalama yotsalayo agulire matayala a thiraki. Wati aganiza kaye, koma dzulo wanditumiziranso chithunzi china, ya H. Moser ya nkhope yabuluu, ndi funso loti kodi iyi ndi ija mumati imabwerera m'mbuyo?